Funsani Dokotala wa Mano: Dzino Likada Pakati pa Anzake Oyera

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya dzino lakutsogolo limene lasintha mtundu pamene anzake onse akadali oyera. Ndasankhapo angapo, ndawafupikitsa pang'ono, ndipo mayina a eni ake ndawabisa monga timachitira nthawi zonse.

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 34. Ndili ndi zaka 15 ndinagwa pa njinga n'kumenyetsa pakamwa pansi. Dzino langa lakutsogolo la m'mwamba silinathyoke, linangopweteka masiku angapo kenako linaleka, koma patapita zaka linayamba kuda pang'onopang'ono, ndipo lero ndi lotuwa ngati phulusa. Ndayesa mankhwala otsukira mano amene amati amayeretsa, koma amene akuyera ndi mano enawo, dzinoli likungoonekera kwambiri. Kodi lingayerenso, kapena ndingolizulitsa?

Yankho: Mayi, musalizulitse. Mtundu wokha si chifukwa chotayira dzino limene muzu wake ungakutumikireni moyo wanu wonse. Koma tisanafike pa funso la kuyera, tiyambe taona chimene chinalidetsa, pakuti chimenecho ndicho chimasankha njira yolithandizira.

Dzino lili ndi zigawo zitatu zofunika pa nkhaniyi. Kunja kuli chikuto cholimba kwambiri chimene timati enamel, ndipo chikutochi chimaonetsako zimene zili pansi pake, ngati galasi lochita chifunga. Pansi pake pali dentine, amene ndiye thupi lenileni la dzino ndiponso ndiye amalipatsa mtundu. M'menemu muli tinjira tambirimbiri tosaoneka ndi maso timene timachokera pakati pa dzino kupita kunja. Pakati penipeni pali mphako, ndipo m'mphakomo muli kamnofu kofewa kokhala ndi mitsempha ya magazi ndi yomvera ululu, kamene anthu ambiri amangokatchula kuti mtsempha wa dzino. Tsiku limene munagwa, timitsempha ta magazi ta m'mphakomo tinaphulika, magazi n'kulowerera m'tinjira ta dentine tija. Magazi akakhalitsa pamalo otero amawonongeka n'kutulutsa ayironi amene amakhala m'maselo ofiira, ndipo mtsempha ukafa, tizilombo n'kulowamo, pamatuluka mpweya wokhala ndi sulfure umene ukakumana ndi ayironiyo umapanga utoto wakuda. Zimafanana ndi mmene khungu limadera pamene mwagundidwa, kungoti pa khungu magazi amapitiriza kuyenda n'kuchotsa utotowo m'masabata ochepa, pamene m'dzino lakufa mulibe choyenda, ndiye utoto umangokhala momwemo n'kumakhwima chaka ndi chaka.

N'chifukwa chake mankhwala otsukira mano sakukuthandizani. Iwo amapala utoto wa pamwamba, wobwera ndi tiyi, khofi kapena fodya, pamene wanu uli kuseri kwa enamel, kumene mswachi sungafike ngakhale mutatsuka mpaka nkhama kutuluka magazi.

Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu akuti linaleka kupweteka. Dzino limaleka kupweteka likachira, komanso limaleka mtsempha ukafa, ndipo dzino lakufa likhoza kukhala ndi matenda kunsonga ya muzu kwa zaka zambiri mwini wake osamva kanthu, fupa lozungulira muzuwo likudyeka mwakachetechete, mpaka tsiku limene nkhama zidzatupe kapena kutuluka kachithupsa ka mafinya. Pitani kwa dokotala wa mano akaliyese ndi chinthu chozizira kuti aone ngati likumva, ndipo akalijambule X-ray. Ngati lafa, liyenera kutsukidwa mkati ndi kudzazidwa ngalande ya muzu, ntchito imene timati root canal, ndipo zimenezo n'zofunika ngakhale mukanakhala kuti za mtundu mulibe nazo ntchito. Zikatha zimenezo, khomo lomwelo limene dokotala anaboola kuseri kwa dzino limakhala njira yolowetsera mankhwala oyeretsa. Ndipo ndikulimbitseni mtima pa ichi: mano amene anada chifukwa cha magazi kapena kufa kwa mtsempha, monga lanuli, ndi amene kawirikawiri amayera bwino kuposa ena.

Funso: Ndine bambo wa zaka 41. Dzino langa linachotsedwa mtsempha zaka 6 zapitazo ndipo tsopano lada. Dokotala wanga akuti adzaika mankhwala mkati mwake n'kunditumiza kunyumba, ndizikabwera sabata iliyonse. Kodi munthu angayende ndi mankhwala oyeretsa m'kamwa sabata yathunthu? Kodi zimapweteka? Nanga bwanji osangomaliza tsiku limodzi?

Yankho: Bambo, njira imene dokotala wanu akunenayo ndi yakale ndi yodziwika bwino, ndipo inenso ndimaikonda kuposa zina. Mu 1961 dokotala wina dzina lake Spasser anafotokoza za kusakaniza ufa wa sodium perborate ndi madzi n'kuutsekera m'mphako ya dzino lopanda mtsempha, ndipo mu 1963 Nutting ndi Poe anaisintha poika hydrogen peroxide wamphamvu m'malo mwa madzi. Pa Chingelezi amaitcha walking bleach, kutanthauza kuti mankhwala amagwira ntchito mwini dzino ali pa ulendo wake, akuchita zake za tsiku ndi tsiku. Mankhwalawo amatulutsa okosijeni pang'onopang'ono, amene amalowa m'tinjira ta dentine, tomwe tija munadutsa utoto, n'kumauphwanya mpaka utasiya kuoneka.

Tsiku loyamba ntchito yaikulu si kuika mankhwala ayi. Dokotala wosamala amayamba ndi X-ray, kuti aone ngati ngalande ya muzu inadzazidwa mothina mpaka kumapeto ndiponso ngati kunsonga kulibe matenda, ndipo akapeza kuti ntchito ya zaka 6 zapitazo ili ndi mipata, ayenera kuibwereza kaye, ngakhale inu mutaona ngati akukuchedwetsani. Akatero amayerekeza mtundu wa dzinolo ndi timano tachitsanzo n'kulijambula chithunzi, chifukwa maso a munthu amaiwala msanga kumene tinayambira. Kenako amatchinga m'kamwa ndi kansalu ka mphira kuti dzino lokhalo ndilo lionekere, amachotsa zimene anamatira kale kuseri kwake, n'kutsuka mphako yonse.

Pa kutsukapa ndi pamene nthawi zambiri timapeza chimene chinadetsa dzino ngati lanu. Mphako ya dzino lakutsogolo ili ndi timakona tosongoka cha kumene dzino limalumira, ndipo ngati amene anachotsa mtsempha anaboola khomo laling'ono kwambiri, tizidutswa ta mnofu timatsalira m'timakonamo n'kuwola. Nthawi zina ndi mphira wodzazira muzu, wotchedwa gutta-percha, pamodzi ndi phala lake lomatira, zimene zinasiyidwa zitakwera mpaka m'gawo la dzino looneka ndi maso. Ndaonapo mano amene anayamba kuwala tisanaike n'komwe mankhwala, titangochotsa zotsalirazo.

Chotsatira ndicho mtima wa ntchito yonse. Dokotala amachotsa mphira uja mpaka mamilimita awiri kapena atatu kupyola khosi la dzino, pamene dzino limakumana ndi nkhama, n'kuikapo chitsekerero cha simenti ya mano, kawirikawiri ya mtundu wa glass ionomer, chokhuthala pafupifupi mamilimita awiri. Chitsekererochi chimaletsa mankhwala kutsikira ku muzu kapena kutulukira m'mbali mwa khosi la dzino. Pamwamba pake ndi pamene amaika phala loyeretsa, n'kutseka khomo ndi chomatira chongoyembekezera. Mumabweranso pakatha masiku 3 mpaka 7, dokotala amaona mtundu, amachotsa phala lakale n'kuika latsopano, ndipo nthawi zambiri maulendo awiri mpaka anayi amakwanira. Ambiri a ife timalola dzino kuti liyere kupitirira anzake pang'ono, chifukwa mtundu umabwerera m'mbuyo pang'ono m'masabata otsatira.

Za ululu, dzinolo lilibe mtsempha, choncho kawirikawiri ngakhale jakisoni wochititsa dzanzi safunika. Chimene muyenera kusamala ndi chomatira chongoyembekezeracho. Mukamva kuwawa kwachilendo m'kamwa, nkhama zikamawotcha, kapena lilime likakuuzani kuti kuseri kwa dzino kwatseguka, musadikire tsiku limene munapangana. Tsukani m'kamwa ndi madzi, mupite kwa dokotala. Musalumirenso zinthu zolimba ndi dzinolo nthawi yonseyi, chifukwa mkati mwake muli phala lofewa lokha ndipo likhoza kusweka.

Mtundu ukakwanira, dokotala amatsuka mphako koma samata chomatira chokhalitsa tsiku lomwelo. Okosijeni wotsalira m'dzino amalepheretsa composite, chomatira cha mtundu wa dzino, kugwira bwino, choncho timadikira pafupifupi masabata awiri, ndipo ena amaikamo calcium hydroxide pa nthawi yodikirayi. Odwala ambiri amanyinyirika ndi ulendo wowonjezerawu, koma chomatira chimene sichinagwire chimadontha, ndipo kudonthako ndiko kumabwezeretsa utoto.

Ilipo njira ina, imene Settembrini ndi anzake anaifotokoza mu 1997, yosiya khomo lotseguka kuti wodwala aziika yekha mankhwala ena oyeretsa, carbamide peroxide wa 10 peresenti, mkati mwa dzino ndiponso m'kachikombole kovala pa mano. Imafulumira ndithu, koma imafuna munthu wosamala kwambiri, pakuti zakudya zimalowa m'bowomo, ndipo amene aona kuti dzino layera n'kusabweranso kudzamatitsa amawononga ntchito yonse. Za kumaliza tsiku limodzi, werengani yankho lotsatirali.

Funso: Ndili ndi zaka 23 ndipo ndimafuna kuyeretsa dzino limene linafa nditagundidwa pa masewera. Mnzanga wandiuza kuti mankhwala oyeretsa kuchokera mkati amadya muzu mpaka dzino kuthyoka. Kodi n'zoona?

Yankho: Chemwali, mnzanuyo sanapeke, koma wangonena theka la nkhani. Vutolo lilipo, ndipo Harrington ndi Natkin ndi amene analifotokoza mu 1979. Limachitika motere. Pa khosi la dzino, pamene enamel amathera, muzu umakutidwa ndi kachikuto kopyapyala kotchedwa cementum, ndipo pa mano ena kachikutoka kali ndi mipata, mwina mwachibadwa, mwina chifukwa cha kugundidwa. Hydrogen peroxide wamphamvu akadutsa m'tinjira ta dentine n'kutulukira pa mipata imeneyi, amapsereza minofu yogwira dzino, ndipo maselo a thupi amene ntchito yawo ndi kugumula fupa lakale amatembenukira ku muzu n'kuyamba kuukumba kuchokera kunja. Choncho si mankhwala amene amadya muzu. Ndi thupi lenilenilo limene lasokonezeka. Choipa chake n'chakuti zimenezi sizipweteka, zikhoza kuonekera patapita zaka, ndipo nthawi zina chizindikiro chokha ndi kadontho kofiirira pafupi ndi nkhama.

Nanga zimachitika kangati? Mu 1988 Friedman ndi anzake anatsatira mano 58 amene anayeretsedwa kuchokera mkati ndipo anapeza vutoli pa mano anayi. Mu 1994 Heithersay ndi anzake, ku Australia, anatsatira mano 204 n'kupeza vutoli pa mano anayinso, kutanthauza awiri mwa mano 100 alionse, ndipo onse anayiwo anali oti anagundidwapo kale. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa kugundidwa pakokha, ngakhale popanda mankhwala oyeretsa, kumatha kuyambitsa kukumbika kwa muzu komweku, monganso zimachitikira nthawi zina kwa amene anawongoledwa mano ndi mawaya.

Tikayang'ana mano amene anawonongeka m'zaka zimenezo, zinthu zitatu zimabwerezabwereza: hydrogen peroxide wa 30 peresenti kapena kuposa, kutenthetsa mankhwalawo ndi chitsulo chamoto kapena nyale kuti ntchito ithe msanga, ndi kusaika chitsekerero pamwamba pa muzu. Kutenthetsa kuja ndiyo inali njira ya tsiku limodzi imene bambo a m'funso lapitali akufunsa, ndipo madokotala ambiri anaisiya pa chifukwa chimenechi. Masiku ano timasakaniza sodium perborate ndi madzi chabe, monga anachitira Spasser poyambirira, kapena timagwiritsa ntchito carbamide peroxide; ntchito imachedwerapo, koma dzino limafika pa kuyera komweko. M'mayiko a European Union sodium perborate anaikidwa m'gulu la mankhwala amene angasokoneze kubereka, choncho kumeneko ambiri anatembenukira ku mankhwala enawo.

Inuyo muli ndi zinthu ziwiri zimene zikufuna kusamala kowonjezera: dzino lanu linagundidwa, ndipo ndinu wachinyamata, pamene tinjira ta dentine timakhala totakasuka kuposa ta munthu wamkulu. Sindikukuletsani, koma mufunse dokotala wanu mafunso awa mosaopa, kuti adzaika chitsekerero chotani, adzagwiritsa ntchito mankhwala ati, ndipo ngati adzatenthetsa. Dokotala wodziwa ntchito yake sangakwiye nawo. Ntchito ikatha, muzijambulitsa dzinolo X-ray chaka chilichonse kwa zaka zingapo, pakuti kukumbika kukapezeka kudakali kochepa kumatheka kukutsuka ndi kukumata, pamene kukazungulira muzu dzino limatayika.

Funso: Ndine bambo wa zaka 52. Ndinayeretsa dzino mwa njira imeneyi zaka 7 zapitazo ndipo linayera bwino, koma tsopano layambanso kuda. Kodi dokotala analakwitsa? Wina wandiuza kuti ndingoliveka crown.

Yankho: Bambo, n'kutheka kuti sanalakwitse chilichonse. Kuyera kwa mtundu umenewu si kwa muyaya, ndipo dokotala aliyense ayenera kunena zimenezi asanayambe. Pa mano 58 a Friedman aja, pafupifupi theka ndiwo anakhalabe okongola bwino patapita zaka, ena anali apakatikati, ndipo pafupifupi limodzi mwa asanu alionse linali litadanso. Zaka 7 kwa ine ndi ntchito imene yabweza phindu lake. Chimene chimabwezeretsa utoto kawirikawiri ndi chomatira cha kuseri chimene chakalamba n'kuyamba kulekana ndi dzino m'mphepete, choncho malovu, tizilombo ndi utoto wa zakumwa zimalowa. Ngati X-ray ionetsa kuti muzu uli bwino ndipo khosi la dzino silinakumbike, ntchitoyo ikhoza kubwerezedwa.

Za crown, chimene ndi chipewa chovekedwa pa dzino lonse, yankho lagona pa kuchuluka kwa dzino limene latsala. Ngati lili ndi zomatira zikuluzikulu mbali zonse ziwiri, kapena lili ndi mng'alu, kuliyeretsa sikulilimbitsa, ndipo chipewacho n'choyenera. Chimodzimodzinso ngati utoto wake unachokera ku zitsulo, monga amalgam kapena phala lomatira muzu lokhala ndi siliva, pakuti utoto wotero suyera bwino ndi okosijeni. Koma ngati dzino ndi lathunthu, kungokhala ndi khomo la kuseri lija, ine sindingafulumire kulisema. Kuti chipewa chikwane, dokotala amapala dzino mbali zonse, ndipo chimene chapalidwa sichimeranso. Ngakhale veneer, kachikuto kopyapyala komatidwa kutsogolo kokha, kawirikawiri kamafuna kupala enamel. Komanso dzino lakuda kwambiri limaonekera kupyola veneer, ndipo muzu wakuda umatha kudetsa m'mphepete mwa nkhama ngakhale pansi pa chipewa, moti nthawi zambiri timayeretsa kaye ngakhale pamene cholinga ndi kuliveka.

Funso: Mano anga onse ali ndi mawanga a bulawuni ndi ena oyera ngati choko kuyambira ndili mwana. Sapweteka. Ndamva kuti kuyeretsa kuchokera mkati n'kwamphamvu kuposa kwa kunja. Kodi ndingapemphe dokotala achotse mitsempha ya mano anga akutsogolo kuti awayeretse motero? Ndine mnyamata wa zaka 26.

Yankho: Achimwene, musapemphe zimenezo, ndipo dokotala amene angavomere msanga mumukayikire. Mtsempha si chinthu chongokhalamo. Ndiwo umakuchenjezani dzino likayamba kubooka, umapanga dentine watsopano podziteteza, ndipo ukachotsedwa subwereranso. Kupha mano amoyo asanu ndi limodzi chifukwa cha mtundu ndi kugula vuto lalikulu pofuna kuthetsa laling'ono.

Komanso njirayo singafike pamene vuto lanu lili. Mmene mwafotokozera, zikufanana ndi fluorosis, imene imabwera mwana akamamwa madzi okhala ndi mchere wotchedwa fluoride wochuluka pa zaka zimene mano ake akupangika m'nsagwada, makamaka asanakwanitse zaka 8. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 a fluoride pa lita imodzi, koma madzi a pansi pa nthaka m'madera ambiri a dziko lapansi amapitirira pamenepo. Mawanga a fluorosis ali mu enamel, kunja, choncho amathandizidwa kuchokera kunja: kupala kagawo kopyapyala kwambiri ndi phala la asidi wofatsa, kuyeretsa ndi carbamide peroxide m'kachikombole kovala usiku, njira imene Haywood ndi Heymann anaifalitsa mu 1989, ndipo pamene enamel anakumbika, kumata composite kapena veneer. Pali utoto winanso wa paubwana, wobwera ndi mankhwala a tetracycline amene mwana anamwa asanafike zaka 8 kapena mayi anamwa ali woyembekezera. Umenewo umaoneka ngati mizere yotuwa yopingasa, uli mu dentine, ndipo umayera mochedwa kwambiri, nthawi zina patatha miyezi ingapo ya kuvala kachikombole.

Popeza mwatchula za mphamvu, ndiwonjezepo chenjezo. Musagule hydrogen peroxide wamphamvu kuti mudzipake nokha, ndipo musakhule mano ndi mandimu, soda kapena ufa wa makala, pakuti asidi amasungunula enamel ndipo zokhakhala zimamupala, mapeto ake dentine wachikasu wa pansi uja amaonekera kwambiri kuposa kale. Lamulo la European Union la mu 2011 limati mankhwala oyeretsa mano opitirira 0.1 peresenti ya hydrogen peroxide azidzera kwa dokotala wa mano, asapitirire 6 peresenti, ndipo asaperekedwe kwa osakwana zaka 18. Carbamide peroxide wa 10 peresenti amatulutsa hydrogen peroxide wa pafupifupi 3.5 peresenti chabe, komabe amayeretsa, akapatsidwa nthawi.

Funso: Mwana wanga wa zaka 4 anagwa mwezi watha ndipo dzino lake lakutsogolo lada. Kodi lingayeretsedwe?

Yankho: Mayi, mano oyamba kumera sitimawayeretsa motero, chifukwa kunsonga ya muzu wake kuli dzino lachikulire limene likupangika, ndipo limenelo ndilo tiyenera kuliteteza. Dzino la mwana likada atangogwa, nthawi zina limabwerera lokha pang'onopang'ono kapena limasanduka lachikasu, ndipo ambiri amakhala bwinobwino mpaka kuguluka pa zaka 6 kapena 7. Mupite naye kwa dokotala akalione, kenako muziyang'ana nkhama za pamwamba pa dzinolo potukula mlomo wake. Mukaona kutupa, kachithupsa, dzino likugwedera kwambiri, kapena mwana akudandaula ululu, mubwerere naye msanga.

Funso: Dzino langa linagundidwa zaka 10 zapitazo. Silinade, koma lasanduka lachikasu kwambiri kuposa anzake. Dokotala akuti pa X-ray mphako yake sikuoneka, ndipo wakana kuliboola. Kodi akungozemba ntchito?

Yankho: Sakuzemba, bambo. Dzino logundidwa silifa nthawi zonse; nthawi zina mtsempha umapulumuka n'kuyamba kupanga dentine wambiri mofulumira mpaka mphako ndi ngalande zitatsala pang'ono kutsekeka. Dentine akachuluka kuwala sikudutsa bwino, ndipo dzino limaoneka lachikasu. Mano otere ambiri amakhala athanzi moyo wonse, ngakhale atapanda kumva chinthu chozizira poyesedwa, choncho kusamvako pakokha si umboni wakuti lafa. Kufunafuna ngalande imene yatsekeka ndi ntchito yangozi, chifukwa choboolera chikhoza kuphonya njira n'kutulukira m'mbali mwa muzu. Ngati kunsonga ya muzu kulibe matenda, njira yabwino ndi kuliyeretsa kuchokera kunja, ndi kachikombole kopangidwa mwakuti mankhwala akhudze dzino limodzi lokhalo. Konzekerani kupirira, chifukwa dentine wokhuthala chotere amayera mochedwa, mwina masabata angapo mpaka miyezi iwiri kapena kuposa.

Funso: Ukwati wanga ndi masabata atatu akubwerawa, ndipo ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Dzino langa lakutsogolo linachotsedwa mtsempha kalekale ndipo ndi lakuda. Kodi nthawi ilipo?

Yankho: Mayi, ndikufunirani zabwino zonse pa zonse ziwirizo, koma pa dzinoli ndikupemphani kudikira. Kuyeretsa ndi ntchito ya maonekedwe imene ingachitike nthawi ina iliyonse, ndipo chizolowezi cha madokotala a mano ndi kuiimika mpaka mayi atachira. Ndatchula kale mmene sodium perborate amaonedwera ku Ulaya. Ngakhale pakanapanda mimbayo, masabata atatu ndi ochepa, mukawerengera maulendo awiri mpaka anayi oika mankhwala ndi masabata awiri odikira kumata, ndipo simungafune kufika pa tsiku lanu ndi chomatira chongoyembekezera chimene chingagwe pa chakudya.

Izi sizikutanthauza kuti musapite kwa dokotala. Kupimidwa ndi kutsukidwa mano n'koyenera pa nthawi ya pakati, miyezi ya pakatikati ngati yanuyi ndiyo yabwino kwambiri, ndipo ngati dzinolo likupweteka kapena nkhama zatupa, matendawo achizidwe tsopano osadikira. Pa za zithunzi za ukwati, funsani dokotala ngati angamate kagawo kopyapyala ka composite kutsogolo kwa dzinolo popanda kulipala. Zimatheka pa ulendo umodzi, dzino limaoneka lokhuthala pang'ono kuposa linzake koma utoto umabisika, ndipo kagawoko kangadzachotsedwe mwana akabadwa, mukadzabwera kuti tiyambe ndi X-ray ya muzu.